Maso Ouma pa Maliro a Apongozi

Ku Nyimba konse, kuyambira pamsika mpaka ku minda ya thonje ya ku Ndake, kunalibe munthu amene sanamvepo mbiri ya Hilary Ngulube, chifukwa mwini wakeyo ankaifalitsa yekha tsiku ndi tsiku, ndipo sankalipiritsa. Anachoka kwawo ku Kalindawalo ali mnyamata wong'ambika zidendene, nakasenza matumba ku Lusaka mpaka anakhala pa chiwongolero. Pamene njira ya kumwera inatsekedwa, iye anali mmodzi wa madalaivala otuta migolo ya petulo kuchokera ku Dar es Salaam, pa msewu uja unkatafuna malole ngati mtedza wokazinga. Anaona nyanja ya mchere ndi maso ake, anadya nsomba yokhala ndi miyendo, anagona pansi pa lole mkango ukununkhiza matayala. Pofika chaka cha 1979 anali ndi golosale, nyumba ya malata, kadi ya Chipani yosaphonya chaka, ndi lole yofiira imene inkatuta chimanga cha ku Luembe ndi thonje la ku Ndake. Zonsezi anazipeza ndi manja ake awiri, ndipo aliyense wokayikira ankamuonetsa manjawo.

Koma chimene ankanyadira koposa malata ndi lole chinali china.

"Ine sindinalilepo chibadwile," ankatero akumenya pachifuwa. "Lole inapsa pa Tunduma ine ndikuyang'ana, jekete yanga yatsopano ili mkati. Ndinangoyatsilapo fodya."

Mulungu naye ali ndi nthabwala zake. Munthu wosalirayo anampatsa mkazi wolira.

Anastazia sanali wotero kale. Anali mkazi wa pakamwa pakuthwa, woyendetsa golosale ngati kapitawo, amene ankatha kubweza msilikali pamzere wa sopo ndi diso lokha. Koma mwana wawo wachinayi atangosiya kuyamwa, mayiyo anayamba kuzima ngati nyali yotha palafini. Tulo tinkamuthawa tambala asanalire. Chakudya ankangochiyang'ana. Ankakhala kuseri kwa khitchini, miyendo atatambasula, manja ali pamiyendo, misozi ikungoyenderera popanda ngakhale mawu.

"Amake Jethro, wamwalila ndani?" Hilary ankafunsa.

"Palibe."

"Nanga ndakumenyani? Ndakwatila wina?"

"Iai."

"Manje chavuta n'chiani m'nyumba ya malata?"

"Sindidziwa, atate a Jethro. Ndatopa chabe."

Hilary analimbana ndi matendawo monga ankalimbanira ndi lole yotitimira m'matope, ndiko kuti ndi mphamvu ndi phokoso. Anagula zitenje za ku Zaire. Anagula wailesi ya mabatire asanu ndi limodzi. Anaitana amayi a mpingo kudzapemphera, ndipo atachoka iwo analowetsa sing'anga wa ku Luembe pakhomo la kuseri. Sing'angayo anadya nkhuku yoyera nachiza njala yake yokha. Anastazia ankangolirabe.

Amene anadula nkhani anali amayi ake a Hilary, a Rabecca, kamayi kakafupi kofwenkha fodya wa m'mphuno, kamene sikankachita mantha ndi mwana amene kanamusambitsa kokha. Anabwera kuchokera ku Kalindawalo nakhala mwezi wathunthu akumupesa tsitsi mpongozi wawo ndi kumumwetsa phala ngati khanda. Tsiku lina anamupeza Hilary akupukuta lole.

"Iwe, chigalimoto chakochi chimapita ku Lusaka sabata iliyonse kunyamula chimanga cha eni ake. Mwana wa eni ake amene unamutenga ali wonenepa chimamukana? Mupeleke ku chipatala, usanandichititse manyazi."

Ndiye anapita. Pa mlatho wa Luangwa asilikali ankasecha galimoto iliyonse masiku amenewo, chifukwa cha nkhondo ya kutsidya. Msilikali wina anasuzumira m'kati, naona mayi akulira, navula chipewa.

"Pepani bambo. Malilo ali kuti?"

"Kulibe malilo, mwana wanga. Tikupita kukatseka pompi."

Dokotala amene anawalandira ku Lusaka anali mayi wachitsikana wovala magalasi. Anacheza ndi Anastazia nthawi yaitali atamutulutsa Hilary panja, chinthu chimene palibe anamuchitapo chiyambire kuyendetsa malole. Atamulowetsanso, Hilary anayamba ndi kumufotokozera dokotalayo za zipatala za ku Dar es Salaam. Dokotala anamvetsera mpaka mpweya unamuthera mwini nkhani, kenako anati:

"A Ngulube, mwati ndinu a malole? Chabwino, tilankhule za malole. Akazi anu akudwala, ndipo matendawa ali ndi mankhwala. Ubongo wa munthu uli ngati dziko la midzi yambilimbili, koma midziyo siigundana. Pakati pa mudzi ndi mudzi pali kampata. Kuti uthenga uoloke, thupi limapanga timadzi take timene tili ngati malole. Tina timathandiza tulo, tina njala ya chakudya, tina mphamvu ndi kukondwa. Lole ikatula katundu imabwelela ku depoti kumene inachoka. Sitidziwa zonse, koma tikuona ngati mwa odwala otele katundu safika mokwanila. Mapilisi awa ali ngati mlonda woima pa geti ya depoti. Amachedwetsa malole kulowa, kuti akhalitse pamsewu akutula."

Hilary anawomba m'manja. Kwa nthawi yoyamba m'moyo wake anakumana ndi munthu wophunzira wolankhula zanzeru.

"Musathamange," anatero dokotala. "Mlondayo ayamba nchito lelo lomwe, koma midzi imene yakhala pa njala siitsegula misika tsiku limodzi. Mudikile milungu itatu kapena inai. Chachiwili, mlonda ameneyu ndi wopitiliza malile, amatsekako ndi mageti osakhala ake. Adzauma kukamwa, maso adzauma, adzagona kwambili poyamba. Chachitatu, akayamba kuseka musanene kuti achila. Amwe madzulo alionse mpaka ine ndidzanene. Mukasiyitsa msanga, matenda amabwelela. Ndipo botolo likhale kutali ndi ana."

Pa zonsezi Hilary anasunga bwino za malole. Zinazo anaziika kumbuyo pamodzi ndi tayala la sipeya.

Milungu yoyamba Anastazia ankagona ngati chipika. Milomo inkamuuma mpaka ankayenda ndi botolo la madzi paliponse, ndipo akadzuka msanga pampando dziko linkazungulira. Hilary anayamba kung'ung'udza kuti madokotala a masiku ano ndi ana. Koma Loweruka lina, anthu ali pamzere wa sopo pakhonde la golosale, iye akuwasangalatsa ndi nkhani ya mikango itatu imene inazungulira lole yake, kumbuyo kwa kauntala kunamveka mawu amene anali atasowa kwa miyezi.

"Chaka chatha unali umodzi."

Mzere wonse unaseka. Hilary anatembenuka, naona mkazi wake akudula sopo ndi waya, pakamwa patapendekeka ngati kale. Chibadwire sanakondwepo chotero potsutsidwa pagulu.

Kuyambira tsiku limenelo nkhani ya mikango inapuma, m'malo mwake munalowa ya mapiritsi. Anaikamba ku bala, anaikamba ku depoti ya thonje, anaikamba ngakhale pamsonkhano wa nthambi ya Chipani pamene anthu ankakambirana zokumba zimbudzi.

"Sing'anga analephela, mpingo unalephela, ine ndinapita ku Lusaka kukagula mankhwala oletsa kulila! Mkazi wanga manje, olo mumuuze kuti dziko latha mailo, msozi sungagwe. Ndinatseka pompi ine!"

Mawu amenewo anakwera pa mabelo a thonje, anatsika ku Petauke, anayenda pa njinga mpaka ku Kalindawalo. Mu Seputembala Hilary anagula lole yachiwiri, yabuluu, yonunkhira utoto. Mu Novembala, mvula yoyamba itagwa, a Rabecca anagwa m'munda akubzala mtedza, ndipo pofika nawo pakhomo anali atazizira.

Kwawo kwa Hilary maliro ali ndi kalowedwe kake. Mwamuna amafika mwakachetechete, chipewa m'manja, nakakhala ndi amuna anzake pansi pa mtengo. Koma mkazi amayamba kulira akadali panjira, kuti a m'nyumba ya siwa amve kuti kwabwera wina, ndipo akalowa amagwada pafupi ndi mtembo, onse namulandira ndi kulira kwatsopano. Mpongozi ndiye amayang'anitsitsidwa koposa. Palibe amanena kuti tikuyang'ana nkhope yako, koma amayi okhala m'mbali mwa khoma aja sakhalira kupumula.

Hilary anaimika lole yabuluu pansi pa mtengo wa mango, poonekera mudzi wonse, chifukwa ngakhale pa chisoni sankadziwa kuimika pobisika. Anastazia anatsika, anamanga chitenje, anaika manja kumutu nayamba kuyenda. Anatsegula pakamwa. Chimene chinatuluka chinali kamawu kosasa ngati ka nkhuku ya chitopa. Anayesanso, kummero kunakana. Analowa m'nyumba, anagwada, anagwira phazi la apongozi ake amene anamumwetsa phala, thupi lonse likunjenjemera, koma maso ali gwa ngati mwala wa pa dzuwa.

Eneless, mlongo wake wa Hilary, amene maso ake anali atatupa ngati mapapaya, anasiya kulira pang'ono kuti aone bwino.

"Mulamu, mwafika?"

"Ndafika, mulamu."

"Taona. Mwayenda bwino, nkhope ilibe ndi fumbi lomwe."

Dzuwa litapendeka, Vitalis anamukodola Hilary kuti apite kuseri kwa khola. Vitalis ameneyu anakulira limodzi ndi Hilary, ndipo anali mkulu wa adzukulu, anthu okumba manda aja amene mwambo umawalola kunena pamaliro zimene ena amangonong'ona.

"Bwana wa malole, uli ndi fodya? Ndipatse kaye, chifukwa ukamva izi sundipatsanso." Anayatsa, nakoka utsi. "Anthu akuti lole yabuluu ija sinabwele yokha. Akuti unakhwima, ndipo amako ndiwo mafuta ake."

"Ndani wanena zopusazo? Ndimuthyole!"

"Uthyola mudzi wonse? Akuti mankhwala a chuma ali ndi lamulo lake, lakuti m'nyumba mwa mwini wake musagwe msozi pa malilo a munthu wapelekedwayo. Ukagwa, chuma chisungunuka. Ndiye akuti unakonzekela kale, unamwetsa mkazi mankhwala oletsa kulila."

"Anawauza ndani kuti ndi oletsa kulila?"

Vitalis anamuyang'ana kuyambira ku nsapato mpaka ku tayi.

"Wailesi ina ya ku Nyimba, yovala suti. Mailo kukacha, kumanda, atsibweni ako a Abraham adzafunsa za imfa iyi. Mkazi wako akaima pamenepo maso ali mbee, iwe dothi suponya, ndipo dzina lako tilikwilila pamodzi ndi amako. Ife adzukulu sitilipilitsa kawili."

Hilary anaona dziko likuchita mdima dzuwa lilipo. Munthu amene analimbana ndi matope a ku Mpika sakanagonja kwa diso la mkazi. Anapita kumene amayi ankaphikira, anatola anyezi mmodzi mwakabisira, natuma uthenga kuti Anastazia abwere ku lole.

"Mangani uyu m'nsonga ya chitenje. Mukagwada, finyani pafupi ndi maso."

Anastazia anayang'ana anyeziyo, nayang'ana mwamuna wake.

"Ndikanamize amai ndi ndiwo? Ndipo mukuganiza kuti a Eneless mphuno anaisiya ku Petauke?"

"Nanga lilani zenizeni! Simukuwamvela chisoni?"

"Atate a Jethro, pano pakupweteka ngati andiponda ndi lole yanuyo," anatero akugwira pachifuwa. "Mtima ukulila. Maso ndiwo akana. Dokotala ananena, inu munali kuwelenga malole."

Pamenepo nzeru ina inamufikira Hilary, ya mtundu uja umene umafika mofulumira chifukwa sunyamula katundu. Ngati mlonda ndiye watseka geti ya misozi, mlondayo apite pa tchuthi. Anatsegula chikwama cha mkazi wake chimene chinali pampando wa lole, natulutsa kabotolo ka bulauni, nakaika m'thumba la jekete.

"Masiku awili chabe. Tikaika malilo, mudzayambanso."

Anastazia sanalimbane naye. Anangonyambita milomo yake youma.

"Tengani, ndinu munagula. Koma mkazi amene mukumuitanayo mumamudziwa. Samabwela kudzacheza masiku awili. Akakhala kuseli kwa khitchini, musadzamufunse kuti wamwalila ndani."

Anabwerera ku nyumba ya siwa. Madzulo amenewo, kwa nthawi yoyamba chichokere ku Lusaka, sanamwe piritsi.

M'mawa mwake, adzukulu atapita kale ndi makasu, Hilary anamufunafuna kuti aone ngati pompi yatseguka. Anamupeza kuseri kwa nkhokwe. Anali atakhala pansi, miyendo atatambasula, manja ali pamiyendo, akuyang'ana dothi. Sanagone usiku wonse, ndipo mseru unali utamugwira. Maso anali ouma monga dzulo. Koma kakhalidwe kameneko Hilary ankakadziwa kuposa msewu wa ku Dar es Salaam. Anakaona miyezi yambiri kuseri kwa khitchini yake, iye ataima ndi zitenje za ku Zaire m'manja ngati chitsiru. 

"Amake Jethro?"

"Sindinadwale," anayankha osadzutsa mutu. "Kuphonya pilisi limodzi sikubweza matenda. Ndikungodikila kuti ndione mwamuna amene ndinakwatiwa naye."

Nthawi yomweyo belu la mpingo, limene linali chitsulo cha tayala chopachikidwa pamtengo, linalira. Kabotolo kankagunda nthiti za Hilary pa phazi lililonse mpaka kumanda.

Kumandako zinthu zinayenda mwa dongosolo lake. Mkulu wa mpingo anapemphera. Tcheyamani wa nthambi ya Chipani anaimirira kudzapepesa, ndipo anapepesa mpaka anafika pa nkhani ya feteleza ndi kufunika kokonzanso makadi. Bokosi litatsitsidwa, a Abraham, mlongo wawo wa malemu, mkulu wamtali woonda, anatsokomola.

"Mlongo wanga anadzuka bwino, anadya bwino, anapita kumunda ndi miyendo yake. Tisanaponye dothi, ngati alipo ali ndi mau, anene pano. Tisakanene kumowa."

Eneless sanadikire kuitanidwa kawiri.

"Ine ndilibe mau, atsibweni. Ndili ndi funso chabe. Mudzi wonse walila, ngakhale anthu amene amai anakangana nawo za mbuzi alila. Pali munthu mmodzi amene amai anamusamala mwezi wathunthu. Tamuoneni. Ndiye alongo anga atiuze kuti mankhwala amene anakagula ku Lusaka ndi a chiani, ndipo anawagulilanji chaka chomwe chino cha lole yatsopano."

Maso onse anapita kwa Anastazia, amene anaima chilili, nkhope youma ngati chikwa. Kenako anapita kwa Hilary.

Tsono kulankhula pagulu ndiye kunali kumunda kwake. Anakonza tayi, anaima pamulu wa dothi kuti aoneke bwino, nayamba.

"Abale anga, ambili a inu simunaolokepo Luangwa, choncho ndilankhula pang'onopang'ono. Nkhani iyi ndi ya sayansi. M'mutu mwa mkazi wangayu muli malole."

Anthu anayang'anana.

"Malole ambili! Amayenda usana ndi usiku kutula katundu. Kale anali kubwelela ku depoti msanga, ndiye ine ndinapita ku Lusaka, ndinakapeza mlonda, ndinamuika m'mutu mwakemo kuti malole agwile nchito bwino."

"Mayo ine!" anafuula mayi wina kumbuyo. "Wavomela yekha!"

"Wamuika mlonda m'mutu!"

"Ndiye chake malole akuchuluka!"

Phokoso linabuka ngati njuchi. Ena anayamba kusuntha kutalikirana ndi Anastazia. Tcheyamani wa Chipani anabisa nkhope m'chipewa. Vitalis, ali m'mphepete mwa dzenje ndi fosholo, anapukusa mutu nati chapansipansi, "Mnzanga, ife takumba limodzi, iwe ukukumba lachiwili ndi pakamwa."

Hilary anayang'ana nkhope zimene zinamudziwa ali wopanda nsapato, naona kuti mawu ake, amene anamutulutsa m'manja mwa apolisi a mayiko atatu, amuthera pakhomo pa amake. Njira yopulumukira inalipo, ndipo ankaiona bwino. Akanangonena kuti mankhwalawo wamulanda kale, kuti mkaziyo sadzamwanso, kuti adikire masiku owerengeka adzaone misozi yodzaza mtsuko. Anthu akanakhutira. Anatembenukira kwa Anastazia. Mkaziyo sanali kuyang'ana anthu. Anali kuyang'ana thumba la jekete.

Hilary anapisa dzanja, natulutsa kabotolo, nakakweza m'mwamba.

"Mankhwala ake ndi awa. Alembedwa dzina la chipatala, amene adziwa kuwelenga abwele. Mkazi wanga anadwala matenda a maganizo, analila miyezi popanda malilo, anatsala mafupa. Awa ndiwo anamudzutsa. Amaumitsa kukamwa, amaumitsa maso, ndipo ine ndinapita nazo ku bala ngati nkhani ya mikango. Mailo ndinamulanda kuti alile, mundione bwino. Koma misozi imene mukuifunayo ine ndinaiona, ndipo sindiifunanso m'nyumba mwanga. Nenani zimene munena."

Anatsika pamulu paja, naika kabotolo m'manja mwa Anastazia, nafumbatitsa zala zake.

"Ndipo ngati mufuna amene ananditumiza ku Lusaka, ali m'bokosimo. Anandipeza ndikupukuta lole, anati, iwe, chigalimoto chakochi chimanyamula chimanga cha eni ake, mwana wa eni ake chimamukana? Anati mupeleke, usanandichititse manyazi. Anati..."

Anafuna kupitiriza, koma anali atatengera mawu a amake ndendende, ndi kakusasa kawo ka fodya wa m'mphuno, ndipo atawamva akutuluka m'kamwa mwake anazindikira kuti sadzawamvanso kwina kulikonse.  Anayesa kutsokomola. Anayesa kukonza tayi.

Chimene chinatsatira anthu a ku Kalindawalo amachikambabe. Hilary Ngulube, amene anayatsira fodya pa lole yakupsa, anabangula ngati ng'ombe yolowa m'dibi. Anagwa chagada m'dothi lonyowa ndi suti ya ku Lusaka. Anaitana amake ndi mawu a kamwana kotayika pamsika. Analira za imfa, analira za mtedza wokazinga umene anamumangira pakansalu tsiku limene ankachoka pamudzi, analira za nyumba ya malata imene ankati adzawamangira chaka chamawa chaka chilichonse. Misozi ya zaka makumi anayi inatuluka tsiku limodzi, pamodzi ndi mamina, ndipo amayi amene anali atatopa kale anayambiranso kuti asapitiriridwe ndi mwamuna.

Anastazia anamanga kabotolo m'nsonga ya chitenje, anagwada, anamudzutsa mutu nauika pamiyendo pake, namupukuta nkhope ngati mwana. Maso ake anali oumabe, koma manja ake aliyense anawaona.

A Abraham anadikira mpaka kubangula kunatsika. Kenako anayang'ana kwa adzukulu.

"Inu mwaika anthu ambili. Mukuti bwanji?"

Vitalis anatsamira fosholo.

"Akuti lamulo la mankhwala a chuma ndi lakuti m'nyumbamo musagwe msozi. Ngati ndi telo, pofika madzulo malole onse awili akhala atasungunuka, tidzatola matayala. Katundu wa nyumba ya a Ngulube wafika yense, atsibweni. Angosintha dalaivala."

Wina anaseka, nadzigwira pakamwa. A Abraham anatola dothi, naliika m'dzanja la Hilary, namuthandiza kuimirira kuti aponye.

Si onse anakhutira, chifukwa mudzi sukhuta tsiku limodzi. Alipo ena mpaka lero amati m'mutu mwa mayi uja munali galaja. Koma pobwerera kumanda, anthu akusamba m'manja pakhomo, Eneless anatunga madzi m'chikho napita nawo kwa mlamu wake.

"Amai anabwela kuchokela ku Nyimba akuti mpongozi wanga wayamba kudya, anapha nkhuku. Ndinaiwala. Imwani, milomo yang'ambika."

Anastazia anamwa, ndipo dzuwa litalowa anamweranso piritsi lake m'chikho chomwecho, pamaso pa aliyense. Misozi yake inadzabwera yokha patapita miyezi, dokotala atayamba kumuchepetsera mankhwala. Anali yekha m'golosale, anapeza kachitini ka fodya ka apongozi ake kuseri kwa mabotolo a mafuta, ndipo analira bwinobwino theka la ola, napukuta maso, natsegula sitolo. Panalibe mboni ndi mmodzi yemwe.

Malole sanasungunuke. Hilary anakhala chete pafupifupi sabata yathunthu, zimene anthu a ku Nyimba anaziyesa chozizwitsa. Kenako Loweruka lina, mzere wa mafuta ophikira utafika mpaka pamsewu, anamveka pakhonde akumenya pachifuwa.

"Inu mumati mumalila? Simunaone kulila! Pitani ku Kalindawalo mukafunse. Kuyambila Luangwa mpaka Chipata palibe mwamuna analilapo ngati ine. Dothi linasanduka matope! Anandinyamula amuna asanu ndi mmodzi!"

Kumbuyo kwa kauntala Anastazia anameza madzi a m'botolo lake, osasiya kuyeza mafuta.

"Sabata yatha anali awili," anatero. "Ndipo mmodzi ndinali ine."